Anapita Kupolisi Atanyamula Bulangete Lake

Mwini sukulu anawerenga pepalalo kawiri asanadzutse mutu.

"Mayi, apa alemba kuti muli ndi mlandu wosatha. Akuti munathawa belo."

 Liwiro anagwira m'mphepete mwa tebulo kuti asagwe pamaso pa munthu amene amati akhale bwana wake.

Sukulu imeneyi inali ya mkaka, ndipo inali itangogula basi yaing'ono yonyamulira ana. Pa mayeso oyendetsa, Liwiro anaposa amuna onse amene anabwera. Chimene chinatsala chinali pepala la kupolisi losonyeza kuti alibe mlandu. Iye anapita kulikulu la polisi akumwetulira, anadinda zala zake zonse mu inki, ndipo envelopu itatuluka anabwera nayo osaitsegula n'komwe.

"Ine ndinakukondani, mayi," anatero mwini sukuluyo. "Koma ana awa ndi a eni ake. Sukulu ikamatsegulidwa mlanduwu ukadalipo, basiyo ndipatsa wina."

Liwiro anatuluka, anayenda pang'ono, n'kukhala pamwala kuseri kwa mpanda. Analira kulira kwenikweni, kosasamala kuti akudutsa ndani.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi, mwina muli pamwala wotero lero. Khalani kaye pomwepo, mumve mmene mayiyu anadzukira.

Dzina lakuti Liwiro anamupatsa ndi mavenda anzake. Ankagulitsa masokosi ndi malamba m'mbali mwa msewu, atayala pachiguduli chimene anachimanga chingwe m'makona onse. Galimoto ya khonsolo ikangotulukira, ankakoka chingwecho kamodzi, katundu yense n'kusanduka phukusi, iye n'kuti phazi thandize. Alonda a khonsolo ankamudziwa ndi msana wokha.

Koma tsiku lina anamupeza ali ndi pakati, liwiro litamuthera. Pachipwirikiti cha tsikulo wina anagenda galimoto ya khonsolo n'kuswa galasi. Woponya mwalayo sanapezeke, ndiye apolisi anangotola aliyense amene anali pafupi. Liwiro anagona m'chitokosi, m'mawa mwake n'kutuluka pa belo, atauzidwa tsiku lokaonekera kukhoti.

Kukhoti anapita ndithu. Iye ndi anzake anakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka njala itawapota. Kenako wapolisi wina anatulukira pakhomo n'kunena kuti, "Majisitireti sabwera lero, dzipitani."

Mavenda ali ndi lamulo lawo losalembedwa. Wovala yunifolomu akati pita, suima n'kumafunsa kuti ndibwerenso liti. Umanyamuka asanasinthe maganizo, ndipo sucheuka. Lamulo limeneli linawapulumutsa kambirimbiri mumsewu, choncho tsikulo onse anangoti balala. Liwiro anafika kunyumba akuthokoza Mulungu kuti mlandu watha.

Zaka zinapita. Mwana amene anali m'mimba tsiku lija anabadwa, anakula, mpaka kudziwa kulemba dzina lake. Liwiro anatopa n'kuthamangitsidwa, anapeza ganyu yotsitsa makatoni pasitolo yopikulitsa katundu. Dalaivala wa pasitolopo anali waulesi wotheratu, ndipo ulesi wakewo unakhala sukulu ya Liwiro: ankamusiyira chiwongolero kuti abweze galimoto m'mbuyo, iye akuwodzera pamthunzi. Pa mayeso a laisensi Liwiro analephera, woyesa wina mpaka kumuuza kuti abwerere kumasokosi. Anabwereranso, koma osati kumasokosi, ndipo laisensi anaitenga.

Ndiye tangoganizani, munthu wakwera chitunda chonsechi, pamwamba pake n'kupeza mlandu wakalekale utakhala phee, ukumudikira.

Madzulo a tsikulo anafotokozera mkulu wake, amene ankakhala naye m'nyumba ya chipinda chimodzi. Mkulu wakeyo anali akusita zovala patebulo, ndipo anaimika simbi n'kumuyang'ana.

"Ndiye ukuti utani?"

"Ndikaufufuza, achemwali. Ndikufuna ndiuone mlanduwo ndi maso angawa."

"Iwe, mutu wako ukuyenda bwino? Zaka zonsezi sanakufune, lero ukadzipereke wekha ngati nkhuku yolowa yokha mumphika? Ntchito zilipo zambiri zosafuna mapepala a kupolisi."

"Zoti ndizinyamula makatoni mpaka msana upindike? Achemwali, mlandu suola. Lero wandilanda basi, mawa udzandilanda china."

"Nanga akakutsekera, mwanayu umusiyira ndani?"

"Inu. Kodi ndili ndi mkulu wanga wina?"

Mkulu wakeyo anapukusa mutu n'kupitiriza kusita, akung'ung'udza kuti mng'ono wakeyu anabadwa wouma mutu ngati bambo awo. Koma diresi limene anasita pomaliza linali la Liwiro, lija lovala popita kumaofesi.

Liwiro anayambira mumsewu wake wakale. Pakhonde la sitolo ina panali bambo wosoka nsapato, wolumala mwendo, amene anamangidwa nawo limodzi tsiku la galasi lija. Anamupeza pomwepo, imvi zitachuluka, misomali ili pakamwa.

Atamva nkhaniyo, bamboyo analavulira misomali m'manja n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Inu nonse munangoti balala! Ine pomwe ndimalimbana ndi mwendo wangawu kuti ndiimirire, kalaliki anatuluka n'kunena tsiku lobwereranso. Ndinabwera ndekhandekha. Mboni sizinaoneke, ine anandimasula. Mayina anuwo anaitana, kuli zii."

"Nanga bwanji simunatiuze, bambo?"

"Ndikanakugwira ndi mwendo uti? Unasamuka msewu uno sabata yomweyo. Safunsa anadya phula, mwana wanga."

Liwiro anafunsa ngati bamboyo anasunga pepala lake la kukhoti, kuti aonerepo nambala ya mlandu. Bamboyo anati analikulungira misomali kalekale. Liwiro anafuna kukwiya, koma anangopezeka akuseka naye. Chinamupweteka kwambiri n'chakuti mlandu umene ukumulanda ntchitowu unali woti ukanatha tsiku limodzi, akanangoima pang'ono n'kufunsa.

Kuchoka apo anapita kukhoti, kuchipinda chosungira mafailo. Panali zenera la zitsulo, ndipo kuseri kwake kunakhala kalaliki wa magalasi okhuthala. Kumbuyo kwa kalalikiyo mafailo omangidwa ndi zingwe anaunjikana mpaka kudenga.

"Nambala ya mlandu?"

"Ndilibe, bwana. Ndili ndi dzina langa ndi chaka chake."

"Mayi, popanda nambala, zonse mukuzionazi ndi mulu wa mapepala basi. Wotsatira!"

Liwiro anabweranso mawa lake, n'kubweranso mkuja wake. Kalalikiyo atatopa n'kuona nkhope yomweyomweyo pazenera, anavula magalasi n'kulankhula motsitsa mawu.

"Nambala yanu ili kupolisi kumene munamangidwira. Koma ndikuuzeni ngati mlongo wanga: ngati khoti linalamula kuti mumangidwe, mukangotchula dzina pakauntala, tsiku limenelo simugona kwanu. Ndipo ngati mwatsimikiza kupita, musapite Lachisanu. Mungakhalemo mpaka Lolemba."

Panja pa khotilo anamutsatira dobadoba wina wa jekete lonyezimira, wa anthu aja amene amadziwa khomo lakuseri la ofesi iliyonse.

"Asisi, mukuvutikiranji? Pepala loyera ine ndikupezerani mawa, chidindo ndi siginecha zonse zili pompo. Bwana wanuyo sadziwa kanthu."

Kunena zoona, Liwiro anaima. Masiku anali kutha, ndipo mawu a munthuyo anali okoma ngati uchi. Koma anadziona akuyendetsa basi yodzaza ana, mtima ukudumpha pa chotchinga chilichonse cha apolisi, moyo wake wonse.

"Achimwene, mlandu ndili nawo kale umodzi. Mukufuna mundigulitse wachiwiri?"

Lolemba m'mawa anasambitsa mwana, anamuperekeza mpaka pageti la sukulu yake, imene inali isanatsekere, n'kumuuza kuti lero agona ndi amayi aakulu. Anabwerera kunyumba, anapinda bulangete, anaika m'chikwama pamodzi ndi sopo ndi mswachi. Mkulu wake anaima pakhomo manja ali m'chiuno, koma sanamutsekereze.

Polisi ija inali isanasinthe. Benchi yake inali yomweija, ndipo wotchi yapakhoma inali yakufa ngati kale. Liwiro atafika pakhomo, miyendo yake inakumbukira ntchito yake yakale n'kuyamba kumukokera kumsewu. Anaikakamiza kulowa.

Pakauntala panali sajeni wachimayi wa nkhope yosaseka.

"Tikuthandizeni chiyani, mayi?"

"Ndabwera kudzafunsa za mlandu wanga."

"Wakulakwirani ndani?"

"Ayi bwana, akuti wolakwayo ndine."

Anapereka chiphaso chake ndi pepala la kulikulu lija, n'kufotokoza chaka chake ndi nkhani ya galasi. Sajeniyo analowa m'chipinda chakumbuyo, anakhalitsako, n'kutuluka fumbi lili m'mikono, atanyamula buku lakale lothothoka chikuto. Chala chake chinatsika pamzere n'kuima.

"Mayi, mukudziwa kuti apa ndikuyenera kukumangani?"

Liwiro anakweza chikwama chake pakauntala n'kuchitsegula. Bulangete linaonekera.

"Ndimangeni, bwana. Koma muyambe mwandilembera nambalayo, zilembo zikuluzikulu."

Apolisi ena amene anali pambali anasiya zolemba zawo. Sajeniyo anayang'ana bulangete, anayang'ana mwini wake.

"Chiyambireni ntchito ino ndathamangitsa anthu mpaka nsapato kung'ambika, koma wobwera ndi zofunda zake ndiye ndamuona lero."

Analemba nambalayo pakapepala n'kumupatsa. Kenako anamutsegulira chitokosi mwaulemu, ngati akulowetsa mlendo.

Musaganize kuti Liwiro analibe mantha. Chitseko chachitsulo chitatsekedwa, fungo lija la kale linamulandira, ndipo anachita mantha kwambiri. Anaganiza za mwana wake. Anaganiza zoti majisitireti akhoza kukwiya n'kumutumiza kundende, mawu a mkulu wake n'kupherezera. Kulimba mtima kwake kunali kongoti mantha alipo, koma sanagogode chitseko kupempha kuti nkhaniyo ithere pomwepo.

M'mawa mwake anamuyendetsa wapansi kupita kukhoti, unyolo uli m'manja, chifukwa galimoto ya polisi inalibe mafuta. Njira yake inadutsa mumsewu womwe uja ankagulitsamo masokosi. Mavenda anaimirira pamalonda awo.

"Eee, Liwiro amugwira!" anakuwa wina.

"Sanandigwire!" anayankha Liwiro mokweza, khosi lili njo. "Ndapita ndekha!"

Kalaliki wa magalasi uja atamuona ali ndi unyolo, anangogwira pakamwa. Liwiro anamupatsa kapepala ka nambala. Bamboyo anakwera pampando, anasuntha mitolo, anayetsemula mpaka misozi, ndipo anatsika ndi failo yopyapyala, yodyedwa ndi njenjete m'makona. Chinthu chimene chinatseka moyo wa munthu chinali chopepuka kuposa sokosi.

Majisitireti anali mayi wachikulire, wolankhula mosathamanga.

"Munali kuti zaka zonsezi?"

"Mumsewu, bwana, kufupi konkuno. Sindinabisale. Tsiku lija wapolisi anati tizipita, ndipo ife mavenda akatiuza kuti pita sitifunsa zambiri. Ndinalakwa posafunsa tsiku lobwereranso, chimenecho ndikuvomera. Koma galasi sindinaswe, ndipo ndabwera kuti mundiweruze."

Woimira boma pamilandu anaimirira, anatembenuza timapepala ta m'failomo, n'kukanda m'mutu. Mboni panalibe. Wapolisi amene anafufuza nkhaniyo anapuma ntchito kalekale, ndipo galimoto yoswedwayo palibe amene ankadziwa kumene inathera. Anati boma lilibe umboni woti lipitirize nawo mlanduwo.

Majisitireti anamudzudzula Liwiro mosanyengerera, kuti khoti si msika woti munthu azichokapo mmene wafunira. Kenako anafafaniza chilamulo chomumanga, n'kutseka mlandu.

"Mutha kupita."

 Thupi lonse la Liwiro linati thamanga. Anagwira chitsulo cha m'bokosi la oimbidwa mlandu ndi manja onse awiri.

"Bwana, pepani. Ndipita ndi chiyani m'manja?"

Anthu m'khotimo anaseka. Majisitireti sanaseke. Anauza kalaliki kuti mayiyu apatsidwe chikalata cha chigamulo, chosainidwa ndi chodindidwa, choti akasonyeze kulikonse kumene dzina lake linadetsedwa.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Ndiye kuti maofesi simukuwadziwa. Wotayipa anali kutchuthi. Atabwera, magetsi anazima. Magetsi atayaka, chidindo chinali chotsekeredwa m'dirowa, ndipo mwini kiyi anali kumaliro. Tsiku ndi tsiku yankho linali "bwerani mawa," ndipo tsiku ndi tsiku Liwiro ankabwera, n'kukhala pabenchi yoyang'anizana ndi chitseko, pomwe aliyense wotuluka amayenera kumuona. Ogwira ntchito pakhotipo anafika pomupatsa moni ngati mnzawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mayi amene anatchuka ndi kuthamangayu anaphunzira kukhala pansi.

Chikalata chitatuluka anachijambulitsa, chenicheni n'kuchisunga kunyumba, chojambulacho n'kupita nacho kulikulu la polisi. Kumeneko anamuuza kuti kusintha zolembedwa kumatenga nthawi. Iye anafunsa dzina la ofesi yosintha, anafunsa tsiku lobwereranso, n'kupempha kuti amulembere tsikulo kuseri kwa pepala lake. Anadindanso zala. Envelopu yatsopano inatuluka kutangotsala Loweruka ndi Lamlungu kuti sukulu itsegulidwe, ndipo anaing'amba pakauntala pomwepo. Munalembedwa kuti alibe mlandu uliwonse.

Mwini sukulu anamulandira ndi nkhope yolemera.

"Mayi, nkhani yanu yafika kale kuno. Makolo ena anakuonani mumsewu muli ndi unyolo. Akuti ana awo sangakwere basi ya mkaidi. Ndipo pali bambo wina ndamuuza kuti adzabwere Lolemba."

Liwiro anaika mapepala awiri patebulo, la kukhoti ndi la kupolisi.

"Anandiona ndikulowa, bwana. Awa akunena mmene ndinatulukira. Sindinabwere kudzapempha chisoni. Munati ndikonze dzina langa sukulu isanatsegulidwe, ndakonza. Tsopano mawu anu ndi amene atsala."

Mwini sukuluyo anawerenga mapepalawo mzere ndi mzere. Anali munthu woopa makolo, pakuti ndiwo amalipira, koma analinso munthu wochita manyazi ndi mawu ake.

"Ndikuyesani," anatero pomaliza. "Koma makolo akakana kukweza ana, manja anga ndi omangika."

Lolemba m'mawa Liwiro anaimitsa basi pageti la nyumba yoyamba. Panaima mayi wina wovala bwino, atagwira dzanja la kamtsikana ka chikwama chachikulu kuposa msana wake. Mayiyo anasuzumira pazenera, anamuyang'ana dalaivala kuyambira kumutu mpaka pachiwongolero, ndipo dzanja la mwana sanalisiye.

"Kodi si inu munamangidwa uja?"

Pamageti oyandikana makolo ena anatchera khutu. Liwiro anadziwa kuti ntchito yake yonse yafika pakamwa pake. Akanatha kukana, akanatha kunena kuti anali wina wofanana naye.

"Ndine ndithu, mayi. Ndinakadzipereka ndekha kuti mlandu wabodza uthe, ndipo unatha. Mapepala ali kuofesi, mukawerenge. Munthu woti sanathawe chitokosi sangathawe mwana wanu pamsewu. Mukwezeni, tikuchedwa."

 Mayiyo anawerama, ananyamula mwanayo n'kumukhazika pampando wakutsogolo, pafupi ndi dalaivala, n'kumumanga lamba yekha. Pageti lachiwiri panalibenso wofunsa.

Lero Liwiro akuyendetsabe basi imeneyo, ndipo mwana wake amaphunzira sukulu yabwino ndi malipiro a mayi ake.

Abale anga, ambiri a ife tili ndi kanthu kena kakale kamene timakazemba, tikuganiza kuti tikakhala chete kaiwalika. Mwina ndi dzina lanu lolembedwa penapake kupolisi kapena kukhoti, ndipo simudziwa n'komwe kuti analembapo chiyani. Pitani mukafunse. Dzinalo ndi lanu, ndipo kufunsa za ilo si mwano. Funsani nambala, funsani tsiku, ndipo musachoke opanda cholembedwa. Akakubwezani lero, mawa akupezeni pakhomo pomwepo.

Adzakusekani, adzakuopsezani, ena a m'nyumba mwanu momwe adzati mwapenga. Asiyeni anene. Zakale zanu zisakulamulireni kumene mungagwire ntchito ndi kumene simungagwire. Imirirani, mukaziyang'ane m'maso, ndipo musataye mtima.